Galimoto zakale zokwera Phiri la Zomba: tikonze chiyani tisananyamuke?

Mlembi wa Gulu
Akuluakulu, moni nonse. Tsiku tinagwirizana kale, Loweruka lachiwiri la Ogasiti, mvula kulibe ndipo chiperoni chimakhala chitayamba kuchepa. Chomwe sitinamange ndi kayendedwe kake. Maganizo alipo ndi onyamuka m'tauni m'mawa, kukwera mpaka ku Ku Chawe, pomwe pali hotela pamwamba pa phiri, kupuma, kenako amene galimoto zawo zingathe apitirire ku Emperor's View, malo oonera patali paphiripo. Zalembetsa ndi ma Peugeot 404 ndi 504, ma Beetle, ma Land Rover a Series, Benz W123, Datsun ndi Morris Minor imodzi. Malire a zaka tikutsatira a FIVA, bungwe loona za galimoto zakale padziko lonse: zaka 30 kapena kuposerapo. Odziwa injini, tithandizeni.

Mnyamata wa Datsun
Zikomo a Mlembi. Pakhala mpikisano, kapena n'kungondondozana basi? Galimoto zimenezi zinali zothamanga. Datsun 1600 SSS inapambana mpikisano wa ku East Africa wa Safari Rally mu 1970, 240Z n'kutenganso 1971 ndi 1973. Chitunda cha Zomba n'choyenera kuyezerapo liwiro, mmodzimmodzi, wotchi ili m'manja.

Malume 404
Mphwanga, ukamawerenga za Safari usalumphe 404, inatenga 1963, 1966, 1967 ndi 1968. Koma za liwiro pamsewu uwu uiwale. Ndi msewu wa anthu onse, sitingautseke. M'mawa mumatsika njinga zolemedwa ndi nkhuni zomwe mabuleki ake ndi chidendene, amayi osenza mitolo, malole a matabwa, ndiye m'makona muli ana ogulitsa zipatso. Ngakhale Mille Miglia ya ku Italy, imene inayamba mu 1927, inathera mu 1957 galimoto itapha anthu oonerera. Pamene anaiyambitsanso mu 1977 sanabwerere ku liwiro, anaisandutsa mpikisano wosunga nthawi. Nafenso tichite umenewo. Wopambana ndi amene wafika pa sekondi yomwe anauzidwa.

Mayi Benz
Ndikuvomereza a Malume, ndipo masamu ake ndi awa. Tisankhe liwiro la makilomita 24 pa ola. Kilomita iliyonse imatenga mphindi 2 ndi masekondi 30, ndiye ngati gawo loyeza lili makilomita 8, nthawi yake ndi mphindi 20 ndendende. Ubwino wa 24 ndi woti a Morris ndi a Land Rover, amene sipidomita zawo zili m'mamailosi, angotenga mamailosi 15 pa ola, mphindi 4 pa mailosi iliyonse. Kusiyana kwake n'kochepa kwambiri.

Galimoto zizinyamuka motalikirana mphindi ziwiri. Panjira pakhale malo awiri kapena atatu obisika pomwe pali munthu wolemba nthawi. Sekondi iliyonse yochedwa ndi chilango chimodzi, yofulumira ndi zilango ziwiri, kuti munthu asathamange n'kukadikira pafupi ndi pothera. Woima dala pamaso pa wolemba nthawi alandire 30.

Chimene chimagwetsa ambiri ndi odomita. Galimoto zambiri zakale zavala matayala a saizi ina, ndiye imanama. Iyezeni pamsewu wa M3 cha ku Thondwe kapena ku Domasi: yendani makilomita 5 enieni poyeza ndi GPS ya foni, muone yanu yawerenga zingati. Ikawerenga 5.3, gawani 5 ndi 5.3, mupeza 0.943, ndipo nambala imeneyo muzichulukitsa nayo chilichonse chomwe odomita ikuonetsa. Wokhala pambali pa dalaivala alemberetu papepala kuti pa mphindi yakuti odomita izikhala pakuti.

Mnyamata wa Datsun
24 amayi? Giya yachitatu sindiigwira n'komwe.

Mayi Benz
Kayeseni kaye achimwene. Pakona yokhota kwambiri mutsika kufika 12, ndipo masekondi otayika pamenepo muyenera kuwabweza musanafike pa wolemba nthawi amene simukudziwa pomwe ali.

Makaniko wa ku Mpondabwino
Mukukangana za kukwera, koma chimene chingatipweteke ndi kutsika. Tauni ili pa mamita pafupifupi 900, Ku Chawe pafupifupi 1,500. Galimoto yolemera makilogalamu 1,100 ikamatsika mamita 600, mphamvu yomwe iyenera kutayidwa ndi yokwanira kuwiritsa madzi ozizira malita pafupifupi 20. Mukatsika mutangoponda buleki, kutentha konseko kumathera m'madiramu anayi.

Mabuleki amafa m'njira ziwiri, ndipo phazi limakuuzani. Pedalo ikakhala yolimba koma galimoto osaima, malayiningi apsa ndipo diramu lafutukuka n'kutalikirana nawo. Fungo limayamba kumveka zisanafike poipa. Pedalo ikangolowa mpaka pansi, mafuta a mabuleki awira, m'paipi muli nthunzi, ndipo nthunzi imapanikizika pomwe mafuta sapanikizika. Yachiwiriyi ndiyo yoopsa chifukwa sichenjeza. Mafuta a mabuleki alipo mitundu: DOT 3 yatsopano imawira pa madigiri 205, DOT 4 pa 230. Koma mafutawa amayamwa chinyezi, ndipo akakalamba DOT 3 imatsika kufika 140, DOT 4 kufika 155. Galimoto yomwe imangokhala m'galaja ndiye yoipitsitsa, mwini wake amati sinayende, pomwe mafuta ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi.

Aliyense achite izi sabata ziwiri tsikulo lisanafike. Khuthulani mafuta onse akale, lita imodzi ya DOT 4 imakwana kutsukira ndi kudzazira. Pobulida yambani ndi gudumu lakutali kwambiri ndi masitala silinda, mumalize ndi lapafupi, ndipo kabotolo kasaume pakati pa ntchito. DOT 5 musaisakanize ndi zinazi, ndi ya silikoni. Chotsani madiramu, mutukule timalabala ta pa silinda ya gudumu lililonse: mukapeza chinyontho, silindayo ikutaya, isintheni. Malayiningi amene anyowa ndi mafuta satsukika, ndi otaya. Fumbi la m'diramu musaliuzire ndi kompulesa, akale ambiri ndi a asibesitosi, pukutani ndi nsalu yonyowa. Mapaipi a labala opita kumagudumu amatupa m'kati kunja akuoneka bwinobwino, mafuta amapita koma osabwerera, ndiye gudumu limodzi limatsala litagwira n'kumatentha. Pomaliza ajasitani: mangani mpaka gudumu litakana kuzungulira, mubweze pang'onopang'ono mpaka lizizungulira likungokhudza pang'ono.

Kumbukiraninso kuti zambiri za m'ma 1960 zili ndi dera limodzi la mafuta. Paipi imodzi ikaphulika, magudumu onse anayi atha, yatsala handibuleki. Chingwe chake chikhale chamoyo.

Malume 404
Onjezani katsikidwe kake bambo, ena sanayendetsepo galimoto yopanda madisiki.

Makaniko wa ku Mpondabwino
Giya yachiwiri kuchokera pamwamba, injini igwire galimoto. Liwiro likakwera pondani mwamphamvu masekondi atatu kapena anayi, musiye, madiramu apume. Kuponda pang'onopang'ono kosalekeza ndiko kumawotcha. Nyutulo ayi, kuzimitsa injini kuti musunge petulo ayi: yokhala ndi busita imataya mphamvu mukangoponda kawiri katatu, ndipo zina chiwongolero chimaloka. Pakati pa njira tiime mphindi 10. Poima musakoke handibuleki madiramu ali moto, akamazizira amafinya malayiningi n'kupindika. Ikani giya ndi mwala kugudumu. Madzi musathirepo. A W123 ya otomatiki, chotsani pa D muike pa S kapena L musanayambe kutsetsereka.

Che Landi
Kwa a Land Rover pali zina. Series IIA ilibe sinkolo pa giya yoyamba ndi yachiwiri, ndiye kuchoka pa yachitatu kupita pa yachiwiri galimoto itathamanga kale pamafunika kuponda kilachi kawiri n'kukweza injini pakati. Mukaphonya mwatsala pa nyutulo pamtsetse. Lowetsani yachiwiri mutaima. Giyabokosi yotha imalavula giya injini ikamagwira galimoto, choncho dzanja likhale pafupi ndi ndodo. Ovadiraivi ikhale yochotsa.

Ndodo yofiira, yolowetsa magiya otsika okokera pamalo ovuta, musaigwiritse ntchito paphula. Ikalowa, magudumu onse anayi amakoka pamodzi, ndipo Series ilibe difu yapakati, ndiye m'makona mashafuti amapotana mpaka hafu shafuti kuthyoka. Handibuleki yake imagwira shafuti kuseri kwa giyabokosi, osati magudumu. Kuikoka galimoto ikuyenda ndi njira ina yothyolera zomwezo. A Land Rover yaitali ya 109 dziwaninso kuti mabuleki akutsogolo amagwira bwino popita kutsogolo koma mofooka pobwerera m'mbuyo. Injini ikazima pachitunda, pondani ndi mphamvu zonse, ndipo wotsatira asayandikire.

Beetle wa ku Chinamwali
Ife a Beetle vuto lathu ndi pokwera. Injini imazizira ndi feni, feniyo imayenda ndi liwiro la injini. Mukakwera ndi giya yachitatu injini ikulira motsika, phazi lili pansi, kutentha kumachuluka pomwe mphepo yachepa. Yachiwiri, injini izilira momasuka. Mavalavu ayezeni injini itazizira usiku wonse, mpata wake ukhale mamilimita 0.15 pa onse. Samalani kwambiri valavu yotulutsa utsi ya silinda 3: pa injini za 1971 isanafike, choziziritsira oyilo chili panjira ya mphepo yopita kumeneko, ndiye ndi imene imayamba kupsa. Mukaipeza yathina kuposa zinzake kawiri kotsatizana, ikutamuka, hedi ituluke isanaduke. Malata onse ozungulira injini akhalepo, pamodzi ndi labala wotseka pakati pa injini ndi bodi, apo ayi feni imayamwanso mphepo yotentha ya pansi.

Nyali yofiira ya jenereta ikayaka, imani pomwepo. Lamba amene amayendetsa jenereta ndi yemweyo woyendetsa feni. Tengani wina wapadera ndi sipanala zake. Oyilo ndi malita 2.5 okha, 20W-50, ndipo fyuluta kulibe, kuli kasefa chabe. Pamwamba gwirani dipisitiki: ikakanika kugwirika ndi zala, injini yatentha mopitirira.

Za moto: kapaipi kachitsulo kolowetsa petulo mu kabuleta kamasukuka n'kuzuka, petulo n'kuthira pa disitibyuta. Kagwedezeni muone, mumange ndi kilampu ndi waya. Batire ili pansi pa mpando wakumbuyo, ikhale yovindikira, chifukwa munthu wolemera akakhalapo masipuling'i amakhudza mitu yake.

Malume 404
Za madzi tsopano. Pa mamita 1,500 madzi amawira pa madigiri 95, osati 100. Chimene chimatipulumutsa ndi chivindikiro cha rediyeta: cha puleshala ya mapaundi 7 chimakweza powira ndi madigiri oposa 10. Labala wake akang'ambika mwataya zonsezo, ndipo ndi chinthu chotsika mtengo. Koma musaike cha mapaundi 15 pa rediyeta yopangidwira 7, mutsegula misoko. Chizolowezi chochotsa themositati n'choipa, injini imachedwa kutentha n'kumadya mafuta ndi kutha msanga. Iyeseni m'poto: itseguke madzi asanawire. Rediyeta imene yakhala ikumwa madzi a pachitsime kwa zaka ipite kokatsegula machubu, kutsuka ndi paipi sikuchotsa miyala ya m'kati.

Pa 404 ndi 504 feni imalumikizidwa ndi maginito, imagwira injini ikatentha. Kaswichi kake kapena kakhala kokhudza pa pule zikafa, feni imangozungulira ndi mphepo, osakoka kanthu. M'tauni simungazindikire, pachitunda mudzazindikira. Isiyeni ilire mpaka itenthe, mumve ngati feni yagwira. Ikakana, ili ndi tizomangira toti mukatimanga imazungulira nthawi zonse.

Singano ikakwera, tsegulani hita yonse, patukani, injini ilire pang'ono isanazime. Chivindikiro musatsegule, madzi ozizira musathire mu injini yamoto, hedi ya Peugeot ndi ya aluminiyamu, imapindika. Ndipo amene angachotse hedi sabata ino, masilivu ake ndi ozuka: musazungulitse injini musanawapanikize, akanyamuka madzi alowa mu oyilo. Chinanso, 404 saluni zambiri difu yake ndi ya wemu, giya yake ndi ya buronzi. Musangothiramo oyilo aliyense wa difu, ena amadya buronzi, ndipo wakale wa nsatsi sasakanizika ndi wamba. Onani buku la galimoto yanu.

Mayi Benz
Palibe amene wanena za petulo. Wathu ndi wosakaniza ndi ethanol kuyambira 1982, wochokera ku nzimbe za ku Dwangwa, kenako ndi ku Nchalo. Galimoto zopangidwa zaka zimenezo zisanafike sizinakonzedwere zimenezo.

Makaniko wa ku Mpondabwino
Zoona amayi. Ethanol amaumitsa mapaipi akale a labala ndi dayafulamu ya pampu, amasungunula utoto wa pa fuloti ya koko, amakokolola dzimbiri la m'tanki n'kukatseka majeti. Paipi yabwino yalembedwa SAE J30 R9 pambali. Ikani fyuluta yatsopano pakati pa tanki ndi pampu, ina ikhale m'buti. Petulo amene wagona m'tanki miyezi isanu ndi umodzi mukhuthule, wayamwa madzi.

Vuto lomwe tidzalione ndi ili: tafika pamwamba, tazimitsa, pakatha mphindi 15 galimoto ikukana kulira. Ethanol amawira pa madigiri 78, ndiye kutentha kwa injini yoima kumawiritsa petulo m'pampu ndi mu kabuleta. Musamalize batire. Tsegulani boneti, ikani nsalu yonyowa pa pampu, dikirani, kenako pondani akiseleta mpaka pansi osapopa n'kuliza. Kupewa kwake ndi kusuntha paipi italikirane ndi ekizosi, ndi kubwezeretsa kachipepala kokhuthala kamene kamakhala pansi pa kabuleta, amakaniko ambiri amakataya.

Petulo wa mtovu, amene ankateteza pokhalira mavalavu, anatha kuno kum'mwera kwa Sahara pofika 2006. A Morris ndi a Land Rover, amene mahedi awo ndi achitsulo chosalimbitsa pokhalira valavu, aziyeza mpata pafupipafupi. Pa injini ya Land Rover ya malita 2.25 ndi mamilimita 0.25. Ukamachepa wokha, valavu ikumira mu hedi. Ulendo umodzi wa pang'onopang'ono suwononga, koma kuthamanga nthawi yaitali kuchokera ku Lilongwe kumawononga.

Mnyamata wa Datsun
Nanga majeti tisinthe? Akuti pamwamba mpweya ndi wochepa.

Makaniko wa ku Mpondabwino
Ayi achimwene. Injini yopanda tebo imataya pafupifupi 3 pa 100 ya mphamvu pa mamita 300 aliwonse, ndiye kuchoka m'tauni kufika Ku Chawe ndi 6 pa 100 basi. Petulo amachulukirako pang'ono, zomwe sizipweteka injini. Mukachepetsa jeti n'kuiwala, mukatsikira ku Liwonde kotentha mudzawotcha pisitoni. Fyuluta ya mpweya ikhale yoyera, zakwana.

Wamagetsi wa ku Matawale
Galimoto zakale zikafa panjira, kawirikawiri anthu amathamangira kabuleta pomwe vuto lili mu disitibyuta. Mpata wa mapointi: mamilimita 0.4 pa Beetle, 0.35 mpaka 0.4 pa disitibyuta ya Lucas. Kachidendene kake kamatha, mpata n'kutsekeka, taimingi n'kuchedwa, injini n'kumatentha. Pakani kagirizi kochepa pa kamu. Mukasintha mpata yezaninso taimingi, osati mosemphanitsa. Kondensa ndi koyilo zofooka zimagwira zikazizira n'kufa zikatentha, ndiye galimoto imazima pakati pa chitunda, pakatha mphindi 20 n'kuliranso ngati palibe chinachitika. Tengani mapointi, kondensa, rota ndi koyilo zapadera, zoyesedwa kale pagalimoto yanuyo, chifukwa zatsopano zina zimabwera zakufa. Koyilo ya ma ohm 1.5 imafuna rezisita, ya ma ohm 3 siifuna. Mukaika ya 1.5 popanda rezisita mapointi apsa tsiku lomwelo.

Injini ikulira mokwera pang'ono, batire ya mavoti 12 ionetse mavoti 13.8 mpaka 14.4. Dainamo sitchaja injini ikamalira motsika, choncho mukaima mu nkhungu nyali zili chiyakire, batire ikutha. Pojampitsa funsani kaye mwini wake: Morris ndi Land Rover zakale zina waya wopita kubodi ndi wa pozitivi, ndipo ma Beetle ambiri a 1967 isanafike ndi a mavoti 6. Galimoto ziwirizo zisakhudzane mabampala.

Che Landi
Matayala muonenso zaka, osati mapanga okha. Pambali pali manambala anayi omaliza pa mzere wa DOT: 2314 ndi sabata ya 23 ya 2014. Akakhala atatu, tayalalo ndi la 2000 isanafike, lisakwere phiri. Lopitirira zaka 10 ndi lokayikitsa ngakhale likuwala.

Za ku Emperor's View ndi Queen's View, msewu ndi wafumbi, wamiyala ndi mikwasa ya mvula. Land Rover, 404, 504 ndi Beetle zikhoza ngati tauyendera kaye sabata yomweyo. Morris ndi W123 yotsika masipuling'i zitsale ku Mulunguzi Dam, eni ake akwere nafe. Ku Chingwe's Hole tisalonjeze. Ogasiti udzu ndi wouma, ndipo kumtunda kuja ndi nkhalango ya boma, munthu asaimike ekizosi yamoto paudzu. Chozimira moto cha kilogalamu imodzi kapena awiri m'galimoto iliyonse, pofikira dzanja, osati pansi pa katundu.

Yofa pamwamba isakokedwe ndi chingwe potsika. Injini siikugwira, busita palibe, idzagunda woikoka. Pakhale chitsulo chokokera kapena lole yoinyamula.

Mlembi wa Gulu
Zikomo akuluakulu, zonsezi ndiziika papepala limodzi. Kalata yodziwitsa apolisi apamsewu ndi a zankhalango ipita sabata ino. Aliyense abwere ndi COF ndi inshuwalansi zamoyo, laisensi, ndi matrayango awiri. Potsika nthawi sitiyeza. Zamadiramu okhaokha zitsogole, motalikirana mamita 100, pikapu ya zida ikhale kumapeto. Malo onyamukira, ena anatchula chikumbutso cha asilikali a King's African Rifles (KAR), koma pali pafupi ndi baraki ndipo msewu ndi wa M3, sitingaunjikepo galimoto 20 ndi makamera popanda chilolezo. Tikufunsa bwalo lina m'tauni.

Mayi Benz
Pa inshuwalansi, aliyense afunse kampani yake ndipo yankho likhale lolemba. Mapepala ambiri amakana kulipira ngozi ya pa mpikisano kapena poyesa liwiro. Muwafotokozere kuti ndi makilomita 24 pa ola pamsewu wotsegula, malamulo onse akutsatidwa. Ikakana, galimoto imeneyo ikwere nafe koma isapatsidwe nambala.

Mnyamata wa Datsun
Chabwino, ndalowa. Koma pafoni pali mapulogalamu owerengera okha ngati uli patsogolo kapena m'mbuyo. Aloledwa?

Malume 404
Poyezera odomita kunyumba, gwiritsa ntchito. Tsikulo mafoni alowe mu envulopu yomata, atsegulidwe pamwamba kapena pakagwa vuto. Wotchi, pepala ndi pensulo. A Mlembi, pezani anthu asanu ndi mmodzi olemba nthawi, awiriawiri, ndipo mawotchi awo alinganizidwe pamodzi 7 koloko m'mawa womwewo.

Mlembi wa Gulu
Anayi alipo kale. Mtunda weniweni tikauyeza Loweruka likubwerali ndi galimoto ziwiri, Che Landi atitsogolera mbali yafumbi. Amene akufuna mabuleki awo aonedwe alembe pansipa mtundu wa galimoto ndi chaka chake, kuti a Makaniko adziwiretu masilinda ndi malabala oti aitanitse ku Limbe.